Kamphira ka Pansi pa Galimoto ndi Moyo wa Okwera

Mawu a mneneri wa khonsolo pa msonkhano wa chitukuko m'chigwa cha Domasi



Tikakumana chonchi timazolowera kukamba za milatho, zitsime ndi midadada ya sukulu. Lero ndiloleni ndikambe za kanthu kosadzaza ndi chikhatho chomwe. Amakaniko amakatcha bushi: kamphira kolimba kokhala ndi kachitsulo kobooka pakati, momwe mumadutsa bawuti.

Galimoto zina za mtundu wa Land Cruiser, zomwe zipatala ndi mabungwe ambiri m'dziko muno amadalira, kuphatikizapo mapikiapu a 79 omwe anayamba kupangidwa mu 1999, zili ndi chitsulo chopingasa kutsogolo chotchedwa Panhard rod, ena amati track bar. Mbali imodzi chimagwira chasisi, mbali inayo chimagwira ekiselo. Ntchito yake ndi kuletsa ekiselo kuti isaseserekere kumanja kapena kumanzere. Kumapeto onse awiri a chitsulochi kuli bushi. Mapikiapu ena, monga Hilux zamakono, alibe chitsulochi, koma nawonso ali ndi mabushi m'masipuling'i ndi m'zitsulo zogwira matayala, ndipo amatha m'njira yofanana.

Chimadya bushi n'chiyani? Ndi msewu, katundu ndi nthawi. Galimoto ikangosiya phula la M3 pa Songani kapena pa Domasi n'kulowera kumidzi, kaya kukwera cha ku phiri kaya kutsikira ku nyanja ya Chilwa, dzenje lililonse limafinya kamphirako. Namondwe Freddy atadutsa mu Marichi 2023, misewu yafumbi yambiri m'chigawo chakummwera inakokoloka kwambiri. Onjezani matumba a mpunga opachikidwa mopyola muyeso, komanso oyilo wodontha kuchokera ku injini, amene amafewetsa mphira mpaka kuwola.

Bushi siitha mwakachetechete. Poyamba mumamva kugogoda pansi, makamaka pokhota kapena podutsa pa bampu. Kenako galimoto imayamba kuyenda mwapendapenda, dalaivala n'kumalimbana ndi chiwongolero pa msewu wowongoka. Matayala akutsogolo amadyeka mosiyana. Zikafika poipa, galimoto ikagunda dzenje ili pa liwiro, kutsogolo konse kumanjenjemera mwamphamvu ndipo sikuleka mpaka dalaivala atachepetsa liwiro. Talingalirani zimenezi zikuchitika usiku, kumbuyo kuli mayi woyembekezera amene akuthamangira naye ku Zomba Central Hospital kapena ku St Luke's ku Malosa.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Galimoto iime pamalo osalala, mabuleki a pamanja atakokedwa. Mmodzi azigwedeza chiwongolero uku ndi uku, wina akuyang'ana kumapeto a chitsulo chija. Chikamasuntha pa bawuti, kapena mphira ikaoneka yong'ambika, bushi yatha.

Kasinthidwe kake n'koyenera kuti mukadziwe, ngakhale si inu mugwire sipanala, kuti muzitha kuzindikira ntchito yabwino. Makaniko amayamba watsekereza matayala, ndipo salowa pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke yokha. Amamasula mabawuti awiri, n'kutsitsa chitsulocho. Bushi yakale amaikankha ndi puresi, natsuka bwino chibowo, n'kulowetsa yatsopano mowongoka. Ndi nzeru kusintha zonse ziwiri nthawi imodzi, popeza zinagwira ntchito limodzi. Amaonanso ngati bawuti yadyeka kapena ngati bowo lake lakula, chifukwa bushi yatsopano pa bowo lotakasuka siithetsa kugogoda. Mfundo yaikulu ndi iyi: mabawuti amamangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa, itaima pa matayala ake, ndiponso pa mlingo umene anaupereka opanga galimotoyo. Akamangidwa ili m'mwamba, mphira imakhala yopotoka ndipo imang'ambika msanga. Pomaliza, matayala ayesedwe alayimenti.

Tonse tikudziwa njira yachidule: kudula tayala lakale kapena kukulunga chubu n'kukhomerera m'malo mwa bushi. Zimenezi zingakutulutseni m'tchire kuti mufike ku galaja, koma si zoti galimoto yonyamula anthu iziyendera mwezi wathunthu. Ndalama imene mwaipulumutsa pa bushi mudzailipira pa matayala, ndipo mwina pa zina zosabwezeka.

Mwina wina akuti, ine ndilibe galimoto, nkhaniyi ikundikhudza bwanji? Chiyambire 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, katundu wa boma m'dera lanu ndi wanu, ndipo muli ndi ufulu wofunsa za kasamalidwe kake. Choncho ndili ndi mapempho anayi.

Loyamba, kwa madalaivala ndi eni mapikiapu: musadikire tsiku lokayezetsa COF. Suzumirani pansi pa galimoto kawirikawiri, makamaka dzinja lisanayambe ndi litangotha.

Lachiwiri, kwa okwera: mukamva kugogoda kapena kunjenjemera, nenani mwaulemu. Galimoto ikadzaza, musaumirize dalaivala kuti awonjezere thumba limodzi.

Lachitatu, kwa ma VDC: mukaona galimoto ya boma ili ndi zizindikiro zimenezi, lembani nambala yake ndi tsiku, mupereke kwa a khansala kapena ku ADC kuti uthenga ufike ku khonsolo.

Lachinayi, kwa mafumu athu: tithandizeni kumema anthu kuti titsegule ngalande za m'mbali mwa misewu mvula isanagwe, ndipo tisalime mpaka m'mphepete mwa msewu. Walira mvula walira matope, koma madzi opatsidwa njira sakumba msewu.

Galimoto yosamalidwa imafika pamene yaitanidwa. Tiyeni aliyense agwire mbali yake.