NDEGE YOPANDA MCIRA



Mukaona ndege pabwalo, yang'anitsitsani kumbuyo kwace. Kuli timapiko tiwiri topingasa timene tiiletsa kuweramira pansi kapena kudzutsa mutu mwadzidzidzi. Koma mcira umenewu uli ndi kulemera kwace, ndiponso ulimbana ndi mphepo. Cotero akatswiri anadzifunsa kuti, bwanji tiucotse? A ku Germany anayesa ndi ndege yao yankhondo, Messerschmitt Me 163, imene inalowa m'nkhondo mu 1944. Itatha nkhondo, kampani ya de Havilland ku England inaganiza zopanga ndege yaikulu yonyamula anthu, yopanda mcira. Isanataye cuma cambiri, inayamba ndi yaing'ono yoyesera.

Anatenga thupi la ndege yankhondo yochedwa Vampire, naikapo mapiko opendekera m'mbuyo ngati nsonga ya mubvi, kuti nsonga za mapikowo zigwire nchito ya mcira. Kumbuyo anasiyako cipsepse cimodzi cokha coimirira. Dzina lace linali DH 108, koma ambiri anaicha Swallow, ndiye nanzeze m'cinenero cathu. Ine dzinali lindiseketsa, pakuti nanzeze timdziwa ndi mcira wace wamphandawo!

Anapanga zitatu. Yoyamba inauluka pa 15 May 1946. Pa 27 September caka comweco Geoffrey de Havilland, mwana wa mwini kampani, anakwera yaciwiri kukonzekera kuposa liwiro la ndege zonse za pa dziko. Ali pamwamba pa matsiriro a mtsinje wa Thames, ndege inasweka m'mlengalenga, iye nafa. Atate ace anali atataya kale mwana wina, John, m'ngozi ya ndege mu 1943.

Colakwa cinali ciani? Taganizani za khasu. Mpini wautali muuwongola ndi mphamvu pang'ono, waufupi ukubvutani. Mcira ukhala kutali ndi pakati pa ndege, ndiwo mpini wautaliwo. Popanda uwo, ndege ikayandikira liwiro la mau, mamailosi ngati 760 pa ola pafupi ndi pansi, mutu wace uyamba kugwedezeka, kumwamba, pansi, kumwamba, msanga koposa mmene dzanja la munthu lingathe kuuletsa.

Sanaleke. Mu April 1948 John Derry anaulutsa yacitatu mamailosi 605 pa ola m'njira yozungulira, ndipo mu September anaitsitsa mocokera kumwamba kwambiri mpaka, monga akhulupirira ambiri, anapitirira liwiro la mau. Koma mu 1950 ziwiri zotsalazo zinagwanso, mu February ndi mu May, ndi kupha oziyendetsa. Ndege zitatu, maliro atatu.

Nanga yonyamula anthu ija? Akatswiri anaipatsa mcira, naicha Comet. Mu May 1952, pa ulendo wace woyamba wonyamula anthu olipira, wocokera ku London kunka ku Johannesburg, inatera kwathu kuno ku Livingstone kudzamwa mafuta.