NKHWANGWA IKHULUPIRIRA MPINI

Nkhani yokambidwa pa wailesi, yonena za cigwiriro ca cida ca madokotala

Akuru akale anati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Munthu ali yense amene anagwirapo piki kapena fosholo pansi pa mgodi adziwa tanthauzo la mau amenewa, ndipo anawaphunzira ndi zikhatho zace. Mpini wonenepa utopetsa zala msanga, wowonda upweteka, woterera upulumuka m'manja mwa thukuta. Koma wa fosholo akaphonya angotaya miyala yocepa, nayambanso. Alipo anchito ena amene akaphonya kamodzi kokha, munthu mnzao akhoza kupuwala mwendo moyo wace wonse. Amenewa ndiwo madokotala ocita opareshoni ya msana. Nkhani ya lero inena za cida cimodzi cimene iwo agwira naco nchito, makamaka za cigwiriro cace.

Msana wa munthu ndi mafupa ang'ono-ang'ono osanjikizana, ndipo m'kati mwao muli mphako yaitali mopita mtsempha waukuru wocokera ku ubongo. Mtsemphawo ndi wofewa kwambiri. Uli wokutidwa ndi nembanemba yosunga madzi oyera, ndipo nthambi zace zituruka mbali zonse ziwiri kunka ku manja ndi ku miyendo. Pakati pa pfupa ndi pfupa linzace pali kamtsamiro kofewa. Zaka zambiri za kunyamula zolemera, kapena ukalamba wokha, zikhoza kuphwanya kamtsamiroko kapena kucepetsa mphako ija, ndipo mtsempha upanikizika. Pamenepo ululu utsika m'mwendo ngati moto, phazi licita dzanzi, ndipo ena alephera ngakhale kusunga mkodzo. M'caka ca 1934 madokotala awiri a ku Boston, m'dziko la Amereka, William Mixter ndi Joseph Barr, anaonetsa poyera kuti kamtsamiro kophwanyika ndiko kacititsa ululu wotere mwa anthu ambiri, ndi kuti kucotsa cimene capanikizaco kuciritsa. Odwala msana oculuka acira popanda mpeni. Koma kwa iye amene afunikadi opareshoni, dokotala ayenera kuyamba wacotsa pfupa lina lophimba mtsempha. Bvuto lagona pamenepa: pfupa lolimba liri pamwamba, mtsempha wofewa uli pansi pace penipeni, ndipo mpata wa pakati pao ndi mamilimita owerengeka cabe.

Cida cogwirira nchito imeneyi cichedwa Kerrison, potengera dzina la Philip Kerrison, dokotala wa makutu wa ku New York, amene anacilongosola m'caka ca 1904. Iye sanali kuganiza za msana iai. Masiku amenewo penicillin kunalibe, mafinya a m'khutu anali kulowa m'pfupa la kuseri kwa khutu, ndipo madokotala anali kusema pfupalo ndi chizulo ndi nyundo. M'pfupa lomwelo mupita mtsempha woyendetsa nkhope. Chizulo cikaterereka pang'ono, wodwala anali kudzuka pakamwa patapotoka ndi diso losatsinzina. Cotero Kerrison anafuna cida colowa pansi pa pfupa ndi kuliluma pang'ono-pang'ono, mano ace atafulatira mtsempha. Pambuyo pace madokotala a msana anaona ubwino wace nacitenga. Zida zonse za mtundu umenewu zidziwika ndi dzina la Cifalansa lakuti rongeur, ndiko kunena coteketa, monga momwe ateketera khoswe.

Maonekedwe ace ndi otere. Pali zitsulo ziwiri zowonda zogonerana, zotalika masentimita 18 kapena 20. Capansi ciri ndi kaphazi kumapeto kwace, kopindikira m'mwamba. Capamwamba citsetsereka pa cinzace, ndipo nsonga yace ndi yakuthwa. Dokotala alowetsa kaphazi pansi pa pfupa, mbali yace yosalala itayang'ana mtsempha, nafinya cigwiriro. Citsulo capamwamba cipita kutsogolo kukakumana ndi kaphazi, ndipo kapfupa kamene kali pakati kaduka. Zida zocuruka ziluma kuyambira milimita 1 kufikira 5, kanthu kosafika njere ya cimanga. Womthandiza apukuta kapfupako ndi nsaru, dokotala alumanso, napitiriza comweco kambiri-mbiri kufikira mtsempha utamasuka.

Tsono anthu oona cida cimeneci amayang'ana kunsonga, poyesa kuti nzeru zonse ziri kumeneko. Koma kumene kwabvutitsa amisiri zaka zoposa 100 ndi kumbuyo, kogwira dzanja.

Cigwiriro ca Kerrison sicilunjika ndi zitsulo zija, koma cipindikira pansi monga cigwiriro ca mfuti ya m'manja. Cifukwa cace n'cakuti bala la opareshoni ndi lopapatiza ndi lakuya. Dzanja likakhala pamwamba peni-peni lichinga maso a mwini wace. Cigwiriroco ciri ndi miyendo iwiri. Wakumbuyo ukhala m'cikhatho, ndipo ndi citsulo cimodzi ndi kaphazi kaja, cotero suyenda. Wakutsogolo ndiwo ukokedwa ndi zala. Motero dokotala akafinya, kaphazi kamene kagundana ndi mtsempha kakhala pomwe anakaika, osagwedezeka. Pa mwendo wakumbuyo pali kanyanga kogwira pakati pa cala cacikuru ndi camkombaphala, kuti dzanja lobvala magolovesi onyowa ndi mwazi lisaterereke kukwera m'mwamba. Pakati pa miyendoyo pali sipuling'i yotsegula cida zala zikaleka kufinya. Ikakhala youma, dokotala alimbana ndi zinthu ziwiri, pfupa ndi sipuling'i yomwe, ndipo atopa nchito isanathe. Ikakhala yofooka, cida cikana kutseguka ciri m'kati mwa bala.

Mphamvu yodulira pfupa icokera ku utali wa miyendo, ndipo anthu a ku mgodi adziwa zimenezi cifukwa ca mgwala, citsulo cija cotukulira miyala. Mbali yogwira ikatalika kanai kuposa mbali yokankha, mphamvu ya makilogalamu 10 isanduka 40. Koma dzanja liyenera kuyenda mtunda wotalika kanai. Amisiri a ku Sweden anadziwika ndi mbaniro za mfundo ziwiri, monga ija yochedwa ndi dzina la dokotala wa ubongo Lars Leksell, zimene zicurukitsa mphamvu podula mafupa akuru. Kungaoneke ngati kwapafupi kucita cimodzi-modzi ndi zida zonse, koma pafupi ndi mtsempha mphamvu yopitirira iri ndi ngozi yace. Dokotala saona cimene ciri pansi pa kaphazi. Acimva ndi dzanja. Pfupa likana, kenaka liduka mwadzidzidzi. Mnofu wolimba wacikasu womanga mafupawo unyumphuka. Nembanemba ikalowa m'kamwa mwa cida, ikoka mofewa, ndipo dzanja lozolowera lileka pomwepo. Cigwiriro camphamvu kwambiri cidula zonsezi mofanana, osamuuza mwini wace kanthu. Kung'ambika kwa nembanemba ndiyo imodzi mwa ngozi zocitika kawiri-kawiri pa opareshoni ya msana: madzi aja aturuka, wodwala amva mutu koopsya akaimirira, ndipo pong'ambikapo pafunika kusoka kapena kumata.

Funso lina, limene linacedwa kufunsidwa, ndi lakuti cigwiriro cipimidwe pa dzanja la yani. Dzanja la munthu lifinya mwamphamvu pamene miyendo ya cida yatalikirana masentimita 5 kapena 6. Ikatanuka kupitirira apo, agwira ndi nsonga za zala zokha, ndipo mphamvu icepa. Zida zambiri zinapangidwa pamene pafupi-fupi madokotala onse a opareshoni anali amuna, ndipo zinapimidwa pa manja ao. M'caka ca 2004 Ramon Berguer ndi Alan Hreljac a ku California anasindikiza mayankho a madokotala 726 ogwiritsa nchito zida zazitali zolowa m'mimba pa kabala kakang'ono. Anapeza kuti obvala magolovesi a saizi 6.5 kapena ocepera apo anali kubvutika ndi zidazo koposa anzao, ndipo ambiri a manja ang'ono anali akazi. Zida zimenezo si Kerrison, koma bvuto ndi limodzi. Dokotala wa dzanja laling'ono akakamizika kufinya ndi manja awiri, pamene dzanja lacinzace linayenera kugwira cida coyamwa mwazi. Sikulakwa kwa dzanja kumeneko. Ndi mpini umene unasemedwa molakwika. Masiku ano opanga zida ena agulitsa zigwiriro za misinkhu yosiyana ndi masipuling'i ofewerapo, ngakhale kuti cipatala cosauka cigwira nchito ndi zomwe ciri nazo.

Pali cinanso cimene munthu wosema mpini wa khasu saganizako, ndico ukhondo. Kale zigwiriro za mipeni ya madokotala zinali za minyanga ya njobvu, za mtengo wakuda wonga phingo, kapena za cigoba ca kamba wa m'nyanja, zojambulidwa mizere yokongola. M'manja zinali kukoma ndithu, koma m'mizere imeneyo munali kubisala mwazi wa wodwala wa dzulo. M'caka ca 1867 Joseph Lister wa ku Glasgow analengeza njira yace yophera tizirombo m'mabala. M'caka ca 1879 Charles Chamberland, wogwira nchito ndi Louis Pasteur ku Paris, anapanga mphika wotsekeka wophera tizirombo ndi nthunzi yopanikizika. Mtengo ndi minyanga sizinapirire kutentha kotere: zinang'aluka, ndipo zomatira zace zinasungunuka. Pofika ca m'ma 1890 zigwiriro zinasanduka zacitsulo cokha-cokha, ndipo citsulo cosacita dzimbiri, cimene Harry Brearley anapeza ku Sheffield m'caka ca 1913, cinadzatsiriza nchitoyo. Lero cida ciyenera kupirira nthunzi ya madigiri 134 kwa mphindi 3 kapena kuposa, tsiku ndi tsiku, kwa zaka zambiri.

Kerrison yeniyeniyo inali ndi cirema cobisika pa nkhani imeneyi. Pakati pa zitsulo ziwiri zogonerana pali kanjira kopapatiza kumene burashi siingafike, ndipo mwazi ndi tizidutswa ta pfupa zinali kuumira m'menemo. Nthunzi siifika bwino pa tizirombo tokutidwa ndi dothi louma. Cifukwa cace amisiri anapanga mtundu womasuka: namwino akankha kabatani kapena kakhomo ka pa cigwiriro, citsulo capamwamba cituruka, natsuka m'kati monse. Komatu kabatani kameneko kayenera kuikidwa pamalo pamene cala ca dokotala sicingakagunde mwangozi cida ciri m'msana wa munthu.

Ena anayesa kupumitsa dzanja kotheratu. Kampani ya Aesculap ya ku Tuttlingen, m'dziko la Jeremani, inapanga Kerrison yoyendera mpweya wopanikizika, monga makina obowolera miyala pansi pa mgodi. Dokotala angokoka kacitsulo ndi cala, ndipo mpweya ndiwo uluma. Zala zipumuladi. Koma cidaco cifuna paipi ndi mpweya wosalekeza, mtengo wace ndi wokwera, ndipo cimene dzanja limva sicifanana ndi ca pa cida wamba. M'zipinda zambiri za opareshoni Kerrison yofinya ndi dzanja ikali pa thebulo.

Ngakhale cigwiriro cabwino cotani sicingathandize nsonga yobuntha. Cida cobuntha sicidula pfupa koma cingoliphwanya, ndipo dokotala ayamba kupotoza ndi kukoka, kumene ndiko kung'amba nembanemba. Cotero m'cipinda cotsukira zida, anchito osaoneka ndi odwala ayesa Kerrison iri yonse isanalowe mumphika wa nthunzi. Atenga kapepala kolimba konga khadi, nakaika m'kamwa mwa cida, nafinya kamodzi. Cikaboola bwino osasiya ulusi, cipita kukawiritsidwa. Cikangotafuna pepalalo, acimangirira cizindikiro nacitumiza kwa wonola.