Getsi la ku Kawale Limachokera ku Shire

Munthu wa ku Kawale kapena ku Biwi akayatsa getsi madzulo, kawirikawiri saganizira za mtunda umene mphamvuyo yayenda. Mphamvu imeneyi imabadwira m'mathithi a mtsinje wa Shire, ndipo mbiri yake ndi yofunika kuti mtsogoleri aliyense ndiponso wogwira ntchito m'Boma aidziwe.

M'chaka cha 1965 Boma linamanga chotchinga madzi ku Liwonde, chotchedwa Kamuzu Barrage, kuti madzi ochokera m'Nyanja ya Malawi azitsika mwa muyeso. Mu 1966 makina a pa Nkula anayamba kupukusa magetsi okwana mamegawati 24. Makina a pa Tedzani anatsatira mu 1973 ndi 1977, ndipo gawo lachiwiri la Nkula linatsegulidwa mu 1980. Likulu litasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, magetsiwa anafunika koposa kuno, pakuti maofesi ndi mafakitale a ku Kanengo sakadayenda ndi nyali za parafini.

Koma nthambo zopita m'mizinda zinkadutsa pamwamba pa midzi yambiri osatsika, chifukwa kudzala mapolo mtunda wautali kukafika kwa anthu okhala motalikirana kunali kodula. Mu 1980 bungwe la ESCOM linayamba ntchito yofikitsa magetsi kumaboma ndi m'misika ya kumidzi. Kumene anafika, chigayo chinaleka kudalira dizilo, ndipo chipatala chinatha kusunga katemera mufiriji. Komabe ntchitoyo inayenda pang'onopang'ono: kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira ndi magetsi.

Kuchedwa kumeneku kumapwetekanso anthu a m'tauni. Mudzi wopanda magetsi umasowa ntchito zopezera ndalama, choncho anthu amatembenukira ku mitengo. Makala a pambaula ku Chinsapo ndi ku Mgona akhala akudya nkhalango ya Dzalanyama. M'chigwa cha Shire namonso mitengo ikatha dothi limakokoloka, matope amadzaza m'madamu a Nkula ndi Tedzani, makina amafooka, ndipo Area 25 imagona mumdima.

Motero wokonza ndondomeko muofesi ku Lilongwe asaone polo la kumudzi ngati chifundo chabe. Ndi ngongole ya mzinda kwa anthu amene amasunga mapiri ochokera madziwo, ndipo ntchito ya 1966 idzatha tsiku limene ngongoleyo idzabwezedwe.