Za Damu la Kariba, Nchito Zace ndi Phindu Lace

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa pa caka wa Bungwe

 Akuruakuru a Bungwe anandipempha kuti ndinene mau pang'ono za madamu akuru opangira magetsi, pakuti mbiri ya damu la Mpatamanga pa mtsinje wa Shire yamveka m'midzi yambiri, makamaka kuyambira caka ca 2025 pamene Banki ya Dziko Lonse inabvomera kuthandizapo ndi ndalama. Anyamata ali kufunsa ngati kudzakhala nchito, amai ali kufunsa ngati adzapeza pogulitsira zakudimba, ndipo mafumu ali kufunsa za minda ndi manda. Mafunso onsewa ndi oyenera, ndipo njira yabwino yowayankhira ndiyo kuyang'ana damu limene linamangidwa kale, limene zipatso zace zaoneka kwa zaka zoposa 60. Ndasankha Kariba, pa mtsinje wa Zambezi, cifukwa makolo athu ambiri anakhetsa thukuta lao kumeneko.

Tiyambe ndi cifukwa cimene anamangira damulo. M'caka ca 1953 maiko atatu, Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, anaikidwa pamodzi m'Citaganya. Masiku amenewo migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt inali kukula msanga, ndipo mphamvu yace inali kucokera ku malasha a ku Wankie, kumene lero timati Hwange. Njanji inalephera kunyamula malasha okwanira, kotero kuti nthawi zina migodi inali kutentha nkhuni. Panali mkangano ngati amange pa mtsinje wa Kafue kapena pa Zambezi. A ku Northern Rhodesia anafuna Kafue, koma m'caka ca 1955 Boma la Citaganya, limene linali kukhala ku Salisbury, linasankha Kariba, pamene mtsinje umapyola pa mpata wopapatiza pakati pa mapiri. M'caka ca 1956 Banki ya Dziko Lonse inakongoza madola 80 miliyoni, ndipo makampani a migodi anakongozanso zao. Wolemba mapulani anali katswiri wa ku France, André Coyne, ndipo omanga anali kampani ya ku Italy, dzina lace Impresit. Khomalo msinkhu wace ndi mamita 128, ndiwo mapazi 420. Linatseka mtsinje mu Disembala 1958, linatsegulidwa ndi Amai a Mfumukazi Elizabeth mu Meyi 1960, ndipo nyanja ya kuseri kwace inadzaza m'caka ca 1963.

Apa tionepo cinthu coyamba. Damu la Kariba linamangidwa cifukwa ca migodi ndi mizinda, osati cifukwa ca midzi ya m'mphepete mwa Zambezi. Zimenezi siziri zoipa pa zokha, pakuti dziko lifuna migodi ndi mafakitale. Koma anthu a pafupi ndi damu asayese kuti phindu lidzawatsata lokha. Lifika kwa iwo pokhapokha litalembedwa m'pangano nchito isanayambe.

Ndifotokoze mwacidule m'mene madzi amasandukira magetsi, cifukwa m'menemo muli yankho la anyamata athu. Madzi osungidwa kuseri kwa khoma amatsika ndi mphamvu m'mipope yaikuru, nazunguza makina amene ku Kariba ali m'mapanga okumbidwa m'kati mwa thanthwe, ndipo makinawo amapanga magetsi amene amayenda pa mawaya kunka kutali. Kukumba mapanga, kuswa miyala, kuthira konkire ndi kulambula miseu kumafuna manja zikwizikwi. Koma khoma likatha, oyang'anira makina amakhala owerengeka, ndipo amakhala anthu ophunzira nchitoyo. Mau awa muwasunge.

Tsono tinene za anchito. Ku Kariba kunasonkhana anthu akuda zikwi zingapo, ndipo ambiri a iwo anacokera kuno kwathu, atalembedwa ndi bungwe lolemba anthu nchito limene makolo athu anali kulichula kuti Mthandizi. Anapita kukafuna ndalama za msonkho, za zobvala, za njinga ndi za malata. Ena anabwera nazo ndithu, ndipo ena anabwera ndi cinthu coposa ndalama, ndico luso la kuyendetsa galimoto, la kupala matabwa, la kuocherera zitsulo ndi la kumanga ndi simenti. Koma nchitoyo inali yowawa. Cigwa ca Zambezi ndi cotentha koopsya, maola anali ambiri, ndipo malipiro a munthu wakuda anali ocepa kutalitali poyerekeza ndi a Mzungu. Ngakhale pogona panali posiyana: Azungu anakhala pamwamba pa phiri pamene pamapita mphepo, pamene anthu akuda anakhala kumunsi kotentha, kumene kuli mudzi wa Mahombekombe.

Mtsinje naonso sunagonje msanga. M'caka ca 1957 madzi anasefukira naononga nchito, ndipo m'caka ca 1958 anabweranso ndi ukali woposa, nakokolola mlatho ndi zipangizo. Atonga, eni cigwaco, anati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinje wao. Mu Febuluwale 1959 anthu 17 anafa tsiku limodzi pamene poimapo pao panagwa m'dzenje lakuya. Pambuyo pa ngoziyo anchito akuda anakana nchito, nafuna malipiro okwera. Anawaonjezera pang'ono, ndipo ambiri anasankha kubwerera kwao. Amene analembedwa kuti anafa pa nchito yonse yomanga ndi anthu 86, ndipo pa phiri la Kariba pali chalichi ca Barbara Woyera cimene Ataliyana anamanga cowakumbukira. Pofika m'caka ca 1960 nchito yaikuru inali itatha, ndipo unyinji wa anthu unabalalika. Cotero nchito yomanga damu iri ngati mvula ya cizimalupsya: imagwa yambiri, koma sikhalitsa, ndipo wanzeru ndiye amene akonzeratu potungira.

Sindifuna kuti wina atuluke muno ali kunena kuti damu liribe phindu. Phindu la Kariba ndi lalikuru, ndipo likali kuoneka. Magetsi ace anayendetsa migodi ya ku Copperbelt ndi mafakitale a ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, ndi a ku Bulawayo, ndipo m'malo amenewo anthu ambiri, pamodzi ndi abale athu amene anapita ku ulendo, anapeza nchito zokhalitsa. Nyumba ya makina ya tsidya la Zambia inayamba kugwira nchito m'zaka za 1976 ndi 1977, ndipo pambuyo pa kuonjezera makina mbali zonse ziwiri, mphamvu ya Kariba inapitirira mamegawati 2,000. Kuti muone kukula kwace, Nkula yoyamba, imene inatsegulidwa pa Shire m'caka ca 1966, inali ya mamegawati 24 okha. Pa gombe la nyanja panakula matauni a Kariba ndi Siavonga, okhala ndi mahotela, masitolo, masukulu ndi zipatala. M'zaka za 1967 ndi 1968 anatenga kapenta, kansomba konga usipa wathu, ku nyanja ya Tanganyika nakathira m'nyanja ya Kariba. Kanaswana kwambiri, ndipo usodzi wa kapenta, umene amacita usiku ndi nyali, unapatsa nchito asodzi, oyanika, onyamula ndi ogulitsa m'misika ya maiko awiriwo. Komabe tizindikire kuti bwato la kapenta lifuna ndalama zambiri, kotero kuti eni mabwato kawirikawiri anakhala makampani ndi anthu acuma ocokera kwina, ndipo eni dera anakhala olembedwa nchito. Tikumbukirenso kuti ngakhale dziko lathu linali m'Citaganya ndipo linapereka anchito, mawaya a Kariba sanafike kuno.

Akuru anati walira mvula walira matope. Matope a Kariba anagwera Atonga a m'cigwa ca Gwembe. Anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje. Iwowa anali kulima m'nthaka yaconde imene mtsinje unali kusiya madzi akaphwa, nakolola kawiri pa caka; kumene anawapititsa kunali kouma, kwa nthaka yosabala bwino. Manda a makolo ao ndi malo ao opembedzerapo anamira, ndipo abale amene anali kuolokerana ndi bwato analekanitsidwa ndi nyanja yotambalala. Mu Seputembala 1958 anthu a Mfumu Chipepo anakana kusamuka, ndipo pa mudzi wa Chisamu apolisi anaombera mfuti, nafa anthu 8. Ku Lusitu, kumene ena anawatengera, anthu ambiri anafa ndi matenda m'zaka zoyamba. Pa nthawi yomweyo dziko lonse lapansi linali kumva mbiri ya Operation Noah, nchito imene inapulumutsa nyama pafupifupi 6,000 pa zisumbu madzi ali kukwera. Za anthu osamutsidwa zinamveka pang'ono. Zimene zinawaonekera tizidziwa bwino cifukwa akatswiri awiri, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anayamba kulemba za moyo wao m'caka ca 1956 napitiriza kwa zaka zambiri. Cowawitsa mtima ndi cakuti kwa zaka makumimakumi midzi yambiri ya Atonga inakhala mu mdima, mawaya ali kudutsa pamwamba pao kunka ku mizinda.

Cina coti tidziwe ndi cakuti damu limadalira mvula, ndipo limakalamba. Kuyambira caka ca 1987 madzi a Kariba amagawidwa ndi bungwe la maiko awiri, Zambezi River Authority, ndipo m'zaka za cilala limacepetsa madzi opita ku makina. M'caka ca 2024 nyanja inaphwa kotero kuti ku Zambia magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ocherera zitsulo, ometa tsitsi ndi a zigayo anasowa cocita. Ndiponso madzi otuluka pa zitseko za khoma anakumba dzenje lakuya mamita pafupifupi 80 kunsi kwace, ndipo nchito yokonza imene inayamba m'caka ca 2017 inawerengedwa kuti idzadya madola 294 miliyoni. Ife tomwe tinalawako zotere mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga Kapichira ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kufikira caka ca 2023. Mtsinje umene mapiri ace ametedwa mitengo umadzaza damu ndi mcenga ndi matope. Cotero wodula mitengo ku mtunda ali kuzimitsa nyali ya mbale wace ku tauni.

Tsono, Mafumu ndi abale, titengepo ciani? Safunsa anadya phula. Ndipempha kuti pamene akuru a Boma ndi a makampani adza kudzakamba nafe za damu liri lonse, tiwalandire ndi ulemu, koma tifunse zinthu izi.

Coyamba, cilembedwe m'pangano kuti pa nchito zimene anthu a m'deralo angathe, iwo ndiwo ayambe kulembedwa, amuna ndi akazi omwe. Kulembako kucitike poyera, popanda ciphuphu. Ndipo malipiro, maola, zodzitetezera ndi cipepeso ca wobvulala zidziwike munthu asanagwire fosholo.

Caciwiri, maphunziro a nchito za manja ayambe khoma lisanayambe. Mnyamata amene alowa ali wonyamula miyala natuluka ali wonyamula miyala, nchito yace yatha pamodzi ndi khoma. Koma amene atuluka ndi cikalata ca umisiri wa magetsi kapena wa makina adzadya naco moyo wace wonse. Makolo, musacotse ana pa sukulu cifukwa ca ganyu wa miyezi yocepa.

Cacitatu, wosamutsidwa apatsidwe munda m'malo mwa munda, wa conde cofanana, wokhala ndi madzi pafupi, ndipo aupenye ndi maso ace asanasamuke. Ndalama za cipepeso zimatha, koma munda umadyetsa ana ndi adzukulu. Maina a akazi amasiye ndi a ana amasiye asasiyidwe m'kaundula, ndipo za manda zikambidwe ndi eni ace monga mwa mwambo.

Cacinai, midzi yoyandikana ndi damu ilandire magetsi, kuyambira pa cipatala, pa sukulu ndi pa msika, ndipo tsiku lace lilembedwe. Magetsi akafika pa mudzi ndi pamene cigayo, mpope wothirira mbeu ndi shopu ya mmisiri zimabala nchito zosatha.

Cacisanu ciri kwa ife tokha. Anthu zikwi akasonkhana pa nchito amafuna ufa, ndiwo, nkhuku ndi zipatso tsiku ndi tsiku. Alimi athu akapanda kugwirizana m'magulu kuti athe kupereka zokwanira ndi pa nthawi yace, malole adzabwera nazo kucokera ku tauni, ife tiri kupenya. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo amene adzalandira malipiro akumbuke kuti pamene pali ndalama pamabweranso mowa, ngongole ndi matenda. Asungeko ku banki, agule mbuzi, amange nyumba.

A Wapampando, makolo athu anapita ku Kariba opanda wowalankhulira, ndipo Atonga anasamutsidwa popanda kufunsidwa maganizo ao. Ife tiri ndi Mafumu, tiri ndi makhansala ndi aphungu a ku Nyumba ya Malamulo, ndipo tiri ndi ana odziwa kuwerenga pangano. Ndipempha kuti msonkhano uno usankhe kabungwe ka anthu ocepa, amai akhalemo, kuti kalembe mafunso awa ndi kuwapereka kwa Bwanamkubwa wa boma lathu lino, ndipo kadzatiuze yankho pa msonkhano wa caka ca mawa.