Magalasi Akuda a Galimoto ndi Mafunde a Wailesi

 Pobwera muno ndaona kuti galimoto zambiri zimene zaima panjapo zili ndi magalasi akuda. Nkhani yanga lero ndi ya magalasi amenewo, makamaka pepala lija amamata kuti adere, lomwe ambiri timangoti tinti.

Mapepalawa sali amtundu umodzi. Lina limada chifukwa cha utoto chabe. Lina amalipaka chitsulo chopyapyala zedi, monga aluminiyamu, kuti lizibweza kutentha kwa dzuwa, ndipo ukaliona panja limanyezimira ngati kalilole. Palinso ena atsopano, a carbon ndi a ceramic, amene amachepetsa kutentha popanda chitsulo. Chimene ndikufuna mutenge ndi ichi: chotsekereza mafunde a wailesi ndi chitsulocho, osati kuda kwa galasi.

Amene simunkaodzera m'kalasi ya sayansi mukukumbukira Michael Faraday wa ku England. M'chaka cha 1836 anakuta chipinda ndi chitsulo naonetsa kuti mphamvu ya magetsi yochokera kunja siloŵa m'kati mwake. Galimoto nayonso ndi bokosi lachitsulo, ndipo mafunde a foni ndi a GPS amalowera makamaka pa magalasi. Mukamata pepala lachitsulo pamenepo, mwatseka mazenera a bokosilo. Mafunde satheratu ayi, koma amafooka.

Tiyambe ndi zipata zolipirira msewu. Kuno kwathu zipata za pa Chingeni ndi Kalinyeke, pa msewu wa M1, zinatsegulidwa mu 2021 ndi 2022. Maiko ena anayamba kale kulipiritsa galimoto osaimitsa. Ku Norway, m'tauni ya Ålesund, anayamba mu 1987. Ku New York anayamba njira yotchedwa E-ZPass mu 1993, ndipo ku Japan ya ETC inayamba mu 2001. Inu amene munagula galimoto yochokera ku Japan, kamayi kaja kamayankhula Chijapanizi mukangoliza injini n'kakabokosi ka ETC, kakufunsa khadi lolipirira.

Njira zonsezi zimagwira ntchito mofanana. Pa galasi lakutsogolo pamakhala kachipangizo kakang'ono, ndipo pachipata pamakhala makina amene amayankhulana nako pa mafunde a wailesi m'kanthawi kochepa galimoto ikudutsa. E-ZPass imagwiritsa ntchito mafunde a 915 MHz, pamene ya ku Japan ndi ya maiko ambiri a ku Ulaya imagwiritsa a 5.8 GHz. Mphamvu yake ndi yochepa mwadala, kuti makina asamve galimoto ya mu mzere wina. Choncho kampepala kachitsulo kamene ena amamata kumtunda kwa galasi, pomwe kachipangizoko kamakhala, n'kokwanira kusokoneza zonse. Mpiringidzo sutseguka, anthu kumbuyo ayamba kuliza mabelu, ndipo kumene kulibe mpiringidzo kamera imajambula nambala ya galimoto, kalata ya ngongole n'kukutsatirani kunyumba.

Abale athu okhala ku South Africa, ndi inu amene mumapita ku Joni pa galimoto, izi zikukukhudzani. Ma e-toll a m'misewu ya Gauteng, amene anayamba mu December 2013, anathetsedwa mu April 2024, koma ka e-tag kamagwirabe ntchito pa zipata za misewu ikuluikulu monga N1 ndi N3.

Galimoto zina zimachoka ku fakitale zili kale ndi chitsulo m'kati mwa galasi lakutsogolo. Opanga amasiya kamalo kopanda chitsulo, kawirikawiri ka madontho akuda pafupi ndi kalilole woyang'anira kumbuyo, ndipo kachipangizo kanu kayenera kumatidwa pamenepo.

Ngakhale simudzayenda kunja, foni muli nayo. Netiweki ikafooka foni imawonjezera mphamvu kuti imveke ku nsanja, motero batire limatha msanga. M'tauni simungaone kusiyana kwenikweni, koma usiku pa msewu wa kumudzi, pamene netiweki ili kale yoperewera, kufooka pang'onoko kungakulepheretseni kuitana thandizo. GPS ndiye imavutika koposa, chifukwa mafunde ake amachokera ku masetilaiti amene ali pa mtunda wa makilomita oposa 20,000, ndipo amafika pansi pano ali ofooka kwambiri. Ganizirani kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, kamene munalipira ndalama zambiri.

Ndiye pempho langa ndi lapafupi. Akulu anati safunsa anadya phula. Musanalole mnyamata wa pa garaja kumata pepala, mufunseni ngati lili ndi chitsulo, ndipo akuonetseni bokosi lake muwerenge nokha. Ngati n'kotheka sankhani la ceramic kapena la carbon, ngakhale mtengo wake uli wokwererapo. Galasi lakutsogolo lisiyeni loyera. Amene munamata kale, imani pamalo pamene netiweki ndi yofooka, muone timizere ta pa foni magalasi ali otseka, kenaka muwatsitse muonenso. Zimene mupeze mudzatiuze pa msonkhano wa chaka chamawa.