Ana Olowa M'dziko Mobisika



Caka catha, pa zenera la kalasi langa pankaima mnyamata wa zaka ngati 12. Ng'ombe zimene ankaweta zinali kudya kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo iye anali kutsata phunziro ndi milomo yokha. Nditamfunsa kwao, anathawa. Tsiku lacitatu anaulula kuti anacokera ku Mchinji usiku, pa njinga ya munthu amene analonjeza amai ace matumba awiri a cimanga pakutha caka. Sanadzere pa cipata ca Mwami ai. Anadzera njira ya m'minda.

Boma silinagone pa nkhani imeneyi. Mu 2008 linaika lamulo loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu, mu 2010 lamulo la olowa ndi oturuka m'dziko, ndipo mu 2022 lamulo lalikuru losamala ana. Mu December 2022 a Hichilema ndi a Chakwera anatsegula nyumba yatsopano ya malire pa Mwami. Mwezi womwewo mitembo 27 ya anthu oyesedwa a ku Ethiopia inapezeka itatayidwa ku Ngwerere, pafupi ndi Lusaka. Ozembetsa anthu alibe cifundo, ndipo Boma licita bwino kuwasaka.

Koma cipata cilonda mseu wokha. Malire athu apita pakati pa madimba ndi pakati pa abale. Acewa a maiko atatu agwada pamodzi kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika pa Kulamba. Kodi msilikari adzazindikira bwanji mwana wa ku Mchinji, pokhala cinenero cace ndi cathu comwe? Omzindikira ndife aphunzitsi ndi mafumu a midzi, pakuti tidziwa ana a nyumba iri yonse.

Lamulo lilanga wobweretsa mwana; mwana wozembetsedwayo limuyesa wolakwiridwa, woyenera kusungidwa. Mnyamata uja sanadziwe zimenezi. Mwini ng'ombe anamuuza kuti akangotsegula pakamwa adzalowa m'ndende, ndipo mantha amenewo anamgwira koposa cingwe.

Pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Mwini ng'ombeyo ndi munthu womveka, amene anatithandiza njerwa za sukulu, ndipo ndinaopa kuyambana naye. Ndinacedwa masabata awiri. Pamene ndinapita kwa a mfumu, mwana anali atacotsedwa kale, ndipo kufikira lero sindidziwa ngati anafika kwa amai ace kapena anamtumiza ku minda ya fodya.

Cifukwa cace ndipempha msonkhano uno tipangane zinthu ziwiri. Mwana wotere akafika pa sukulu, asapitikitsidwe cifukwa cosowa kalata ya kubadwa. Ndiponso mphunzitsi wamkuru adziwitse a mfumu ndi ofesi ya Boma yosamala ana sabata lomwelo, m'dzina la sukulu, kuti mphunzitsi wamng'ono ngati ine asaime yekha pamaso pa mwini ng'ombe.