Khwisa Wacilendo m'Minda ya ku Mashonaland

Nkhani ya lero iri ya kacitsamba koluma kamene kwao ndi ku Ulaya, koma kanaoloka nyanja kalekale nikakhazikika m'maiko a kumwera kwa Afrika. Akatswiri a zomera akacha Urtica urens, dzina limene Carl Linnaeus wa ku Sweden analemba m'buku lace m'caka ca 1753, ndipo m'Cilatini linena za cinthu cotentha ngati moto. M'Cinyanja zomera zoluma zotere zichedwa khwisa. Tsono popeza ulipo khwisa wa mitundu ina amene ali mbadwa ya maiko ano, uyu wa ku Ulaya ayenera kuchedwa khwisa wacilendo.

Ku South Africa khwisa wacilendo ndi udzu wodziwika m'madimba ndi m'mbali mwa makola. Ku Zimbabwe awerengedwanso pakati pa zomera zocokera kunja, ngakhale sanacuruke monga cisoso. Koma malo amene angamkomere koposa ndiwo mapulazi a ku Mashonaland. Dzikolo nlokwera: Harare ali pa mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo Marondera ali pamwamba kuposa apo. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti kuzizira kwambiri, ndipo ndiyo nyengo imene alimi a ku Marondera, Goromonzi ndi m'cigwa ca Mazowe athirira kabici, anyezi ndi mbatatesi pa nthaka yothira manyowa. Cisanu, madzi ndi manyowa, izi zitatu ndizo zimene khwisa wa ku Ulaya afuna.

Nkhaniyi ikhudza anthu olankhula Cinyanja, pakuti kwa zaka zambiri anchito a m'mapulaziwo anali kucokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete, ena pa okha, ena ndi Mthandizi amene anayamba mu 1946. Kuyambira mu 2000 mapulazi ambiri anagawidwa, koma ana ndi adzukulu a anthu aja akalipobe, napalira m'madimba omwewo. Manja opalira ndiwo ayamba kudziwa kuti m'munda mwalowa mlendo.

Kumzindikira sikubvuta kwa munthu woyang'anitsitsa. Kawirikawiri alekeza m'bondo kapena kucepera apo. Masamba ace ngobiriwira kwambiri, oumbika ngati dzira, aang'ono, ndipo m'mbali mwace muli mano akuya ngati a maceka. Cizindikiro cacikuru ndi ici: masambawo amera awiri-awiri moyang'anana pa tsinde, ndipo awiri a pamwamba apingasa awiri a pansi. Tsinde lace liri ndi ngondya zinai. Maluwa ace saoneka ngati maluwa konse. Ndi timbulu tobiriwira tounjikana pamene tsamba likomana ndi tsinde. Muzu wace ndi umodzi woyera, wosabvuta kuzula, cifukwa comeraci cikhala nyengo imodzi cabe, cibala mbeu nicifa. Ali ndi mkuru wace ku Ulaya, Urtica dioica, amene atalika ngati munthu, nakhala zaka zambiri ndi mizu yacikasu yoyenda pansi. Koma wa m'madimba othirira ndi wamng'onoyu.

Akali kamwana afanana ndi mwamuna aligone, amenenso ali ndi masamba awiri-awiri a mano m'mbali, ndipo mai wothyola ndiwo mofulumira angathe kunyengeka. Kusiyana kwace nkwakuti mwamuna aligone saluma, ndipo akakula aonetsa kaduwa koyera kokhala ndi cikasu pakati.

Asasokonezedwenso ndi zoluma za kuno. Citedze aliyense acidziwa: ciyanga pa mitengo, masamba ace ali atatu-atatu monga a nyemba, ndipo ululu wace uli pa ubweya wa makoko, umene uuluka ndi mphepo m'cirimwe. Citedze ndi mbale wa nyemba, si mbale wa khwisa ai. Khwisa wa kuno wochedwa Laportea amera nthawi ya dzinja m'malo a mthunzi, ndipo masamba ace sayang'anana. Amera limodzi uku, lina pamwamba pace mbali inayo. Pa timapiri ta miyala ta ku Zimbabwe pameranso kamtengo koluma kochedwa Obetia tenax, kamene abusa a mbuzi akapewa. Cotero munthu akalumidwa pakati pa mizere ya kabici m'mwezi wa Juni kapena Julaye, pamene thengo lonse lauma, ndi kacitsamba ka masamba oyang'anana, akaikire mlendoyu.

Kalumidwe kace nkozizwitsa. Robert Hooke wa ku London anayang'ana ubweya wa khwisa ndi galasi lokuza zinthu, najambula cimene anaona m'buku lace la mu 1665. Ubweya uliwonse uli ngati singano ya jekeseni, wobooka m'kati, ndi kathumba ka madzi aululu patsinde pace. Nsonga yace njosweka msanga ngati galasi. Khungu likaukhudza nsongayo ithyoka, cotsalaco cibaya, ndipo kathumba kaja kafinyira madziwo m'thupi. Kwa nthawi yaitali anthu anayesa kuti ululuwo ndi womwewo wa nyerere, kufikira mu 1947 pamene Emmelin ndi Feldberg, poyesa khwisa wamng'ono yemweyu, anapezamo histamine ndi acetylcholine, mankhwala amene thupi la munthu liri nao kale ndipo ndiwo autsa kutupa ndi kuwawa. Wolumidwa amva kutentha, paturuka totupa toyera, ndipo pambuyo pace payabwa. Asakande, pakuti kukanda kulowetsa ubweya wotsala. Asambe ndi sopo ndi madzi ozizira, ndipo ululu udzatha pasanapite tsiku. Koma ngati nkhope itupa kapena kupuma kubvuta, maka-maka kwa mwana, athamangire naye ku cipatala.

Bvuto lace kwa mlimi si ululu wokha. Acuruka pakati pa mbande nalanda cakudya ca m'nthaka, ndipo opalira ndi okolola, amene ambiri agwira nchito ndi manja opanda cobvala, acedwa pa mzere uliwonse. Wolipidwa monga mwa mizere imene watsiriza ndiye aluza.

Nanga afalikira bwanji, popeza mbeu zace ziribe mapiko kapena timinga tomatirira pa zobvala monga cisoso? Amfalitsa ndi mlimi mwini. Udzu wambiri wa ku Ulaya unafika ku Afrika wosakanizika ndi mbeu za ndiwo, ndi cakudya ca ziweto, ndi dothi la pa mizu ya mitengo yookedwa. Ukafika pa pulazi, njira yace ikhala ya khola. Khwisa akonda nthaka yonenepa ndi ndowe ndi zitosi, cotero ayamba kumera m'mbali mwa khola ndi pa mulu wa manyowa. Ayamba kucita maluwa akali wamfupi, patapita masabata owerengeka cabe, ndipo tsinde limodzi libala mbeu mazana ambiri. Lalikuru lipitirira 1,000. Mbeuzo zigwera pa mulu womwewo, zina zidyedwa ndi ng'ombe nizituruka zamoyo m'ndowe. Kenaka ngolo itenga manyowa kupita nao ku dimba, ndipo mlimi afesa khwisa ndi dzanja lace, namthirira pamodzi ndi kabici. Mbeu zimene sizimera caka cimeneco zidikira m'nthaka zaka zingapo. Wogula manyowa kapena mbande kwa mnzace agulanso ciriconse ciri m'menemo.

Dziko la Zimbabwe laona kale mmene mlendo wonyozeka akulira. Lantana anabwera kucokera ku Amerika monga duwa la mpanda, ndipo anatsiriza ndi kutseka mabusa. Namasupuni, amenenso anayamba ngati duwa lokongoletsa maiwe, anaoneka m'mitsinje ya ku Harare m'zaka za m'ma 1930. Damu la Chivero litamangidwa mu 1952 anapeza nyanja yonse yomyembekeza, ndipo boma lamenyana naye zaka zambirimbiri. Anthu a ku Malawi amdziwa bwino pa mtsinje wa Shire. Khwisa sangafike pamenepo, pakuti sakhoza kukhala pa nthaka youma yosalimidwa. Koma m'dimba limodzi angathe kukhala mfumu, ndipo madimba ndiwo adyetsa banja m'cirimwe.

Kumthetsa nkwapafupi ngati afulumiridwa. Khasu limgonjetsa akali wosacita maluwa, ndipo wozula ndi manja akulunge dzanja ndi saka. Malo oyamba kupalira si dimba koma khola ndi mulu wa manyowa, ndipo apa mpamene alimi ambiri aphonya, pakuti ndani apalira pa dzala? Wozulidwa atabala kale asaponyedwe pa manyowa, aumitsidwe natenthedwe. Manyowa aunjikidwe mulu waukuru wonyowa ndi kutembenuzidwa, kuti atenthe m'kati, cifukwa kutenthako kupha mbeu zambiri zimene ndowe zouma cabe zisunga. Pa nazale payang'anidwe sabata iriyonse nyengo yacisanu, ndipo cigawo cimene khwisa anabalapo cisaiwalike caka camawa ndi cinzace.

Wozulidwa akali wanthete satayika wonse. Ku Lesotho, kumene amucha bobatsi, ndi kum'mawa kwa Cape, amai amphika ndiwo, pakuti madzi owira apha ululu wace, monganso cisoso ndi mwamuna aligone, alendo a ku Amerika, analowa m'mphika wa kuno. Koma asadyedwe wosadziwika bwino. Wokaika atenge tsinde lathunthu ndi muzu ndi maluwa, alipanikize pakati pa mapepala, napereke kwa mlangizi wa zaulimi; ku Harare kuli National Herbarium, nyumba yosungira zomera zouma, ndipo ku Zomba kuli inzace, kumene akatswiri akhoza kuchula dzina lace lenileni.